Za Akapitawo Awiri a Mzinda

Mwezi uno tifuna kukamba za anthu awiri amene maina awo samveka kawirikawiri, ngakhale kuti mzinda uliwonse woyenda bwino uyenda chifukwa cha iwo. Mfumu ya mzinda tonse tiidziwa, pakuti ivala mkufu wa ulemu m'khosi, niyankhula pa tsiku lotsegula msika watsopano. Makhansala nawonso tiwadziwa, popeza adafika pakhomo pathu kudzapempha voti. Koma msungichuma wa mzinda ndi loya wa mzinda akhala kuseri kwa chitseko, pakati pa mabuku ndi mapepala, ndipo munthu akhoza kubadwa, kukula ndi kukalamba m'mzindamo wosawaona nkhope. Komatu ndalama ija mayi alipira m'mawa uliwonse kuti ayale tomato pamsika, ndi msonkho uja bambo apereka chifukwa cha nyumba ndi malo ake, zonsezo zikathera m'manja mwa woyambayo. Ndipo lamulo lololeza khonsolo kutenga ndalamazo lidadzera pa tebulo la wachiwiriyo.

Tiyambe ndi msungichuma. Masiku ano ambiri amutcha mkulu wa za chuma, koma ntchito yake ndi yomwe ija ya wosunga nkhokwe. Alandira zolowa zonse: msonkho wa nyumba ndi malo, ndalama za m'misika ndi za m'madepoti a basi, za ziphaso za masitolo, ndi thandizo lochokera ku boma lalikulu. Aziika ku banki m'dzina la mzinda. Alipira antchito, okonza misewu, otola zinyalala, ndi onse amene mzinda uli nawo ngongole. Ndipo choposa zonse, alemba. Pakuti ndalama yosalembedwa ili ngati nkhuku yosokera, aliyense woipeza ati ndi yake.

Chaka chisanayambe iye akonza ndondomeko ya chuma, ija ambiri aitcha bajeti, naiika pamaso pa makhansala. Apa pali chinthu chimene anthu asokoneza. Msungichuma sasankha ngati mzinda umange msika kapena ukumbe ngalande. Kusankha ndi kwa makhansala, popeza ndiwo adatumidwa ndi anthu. Chake cha iye ndi kunena zoona: m'nkhokwe muli madengu akuti, chaka chino tiyembekeza akuti, ndipo mukachita zonse ziwiri njala idzatipeza mwezi wakuti. Makhansala akaivomereza ndondomekoyo, isanduka chingwe chomanga iwo omwe ndi iye yemwe, kotero kuti ndalama imene adaiikira mankhwala a m'chipatala cha mzinda siingapite kukagula galimoto la mfumu, ngakhale mfumuyo itakalipa.

M'ofesi ya chuma muli mwambo umodzi umene uposa maloko onse a chitsulo, ndiwo wakuti wololeza malipiro asakhale yemweyo wolemba cheke, ndi wolemba cheke asakhale yemweyo woyerekeza mabuku a mzinda ndi makalata ochokera ku banki. Amayi a banki mkhonde audziwa bwino mwambo umenewu, ngakhale sadauwerenge m'buku. Bokosi lawo likhala ndi maloko atatu, makiyi ali kwa anthu atatu, wosunga bokosi alibe kiyi, ndipo ndalama aziwerenga mokweza onse ali kumva. Sikuti amkayikira mnzawo. Amtchinjiriza, kuti tsiku logawana pasakhale wonena kuti uje adadya. Chodabwitsa ndi chakuti mizinda ya anthu ophunzira, yokhala ndi makompyuta ndi maloya, nthawi zina iiwala chimene amayi okhala pansi pa mtengo wa mango sachiiwala.

Kuti muone chimene chichitika dzanja limodzi likagwira makiyi onse, tiyeni ku America, ku kamzinda kotchedwa Dixon m'chigawo cha Illinois. Ndi kamzinda ka anthu ngati 16,000, komwe Ronald Reagan adakulira asanakhale mtsogoleri wa dzikolo. Kumeneko kudali mayi wina, Rita Crundwell, mbadwa ya komweko, amene adayamba kuthandiza m'ofesi ya mzinda mu 1970 akadali mwana wa sukulu. Adali wakhama, wodziwa pamene pepala lililonse likhala, ndipo mu 1983 adampatsa maudindo awiri pamodzi: wa msungichuma ndi wa woyang'anira mabuku a ndalama. Maudindo awiriwa adawalekanitsa akale kuti wina asunge, wina awerenge zimene mnzake asunga. Ku Dixon wosunga ndi wowerenga adali munthu mmodzi. Mfumu ya mzinda ndi anzake a m'khonsolo adali anthu okhala ndi ntchito zawo zina, ofika ku ofesi mwa apo ndi apo, ndipo za ndalama ankamva kwa mayiyo.

Mu Disembala 1990 iye adatsegula akaunti ku banki m'dzina la mzinda, naipatsa dzina lomveka ngati la thumba lokonzera mipope ya zonyansa. Wosayinira adali iye yekha, ndipo m'mabuku a mzinda akauntiyo siidalembedwe. Machitidwe ake adali osavuta. Ankasonkhanitsa ndalama za mzinda m'thumba la zitukuko. Kenaka ankadzilembera yekha kalata yofunsa malipiro, yooneka ngati yachokera ku boma la Illinois chifukwa cha msewu wakutiwakuti. Kenaka ankalemba cheke chopita kwa msungichuma, wosatchula wa kuti, nachiika m'akaunti yobisika ija. Woona chekecho akadayesa kuti chapita kwa msungichuma wa Illinois. Mu 1991 adatenga madola 181,000. Poona kuti palibe wofunsa, dzanja lidakula, ndipo mu 2008, chaka chimodzi chokha, adatenga madola 5.8 miliyoni. Pa zaka zoposa 20 zonse pamodzi zidakwana madola 53.7 miliyoni.

Kudali kudya kwa chiswe, kumene mzati uoneka wamoyo kunja pamene m'kati mwatsala dothi. Chaka ndi chaka mayiyo ankauza khonsolo kuti ndalama zachepa chifukwa boma la Illinois lichedwa kutumiza gawo la mzinda, ndipo popeza bomalo linkachedwadi, bodzalo lidavala malaya a zoona. Motero misewu idakhala yosakonza, antchito adakhala zaka osakwezedwa malipiro, apolisi adalephera kugula magalimoto atsopano. Nthawi yomweyo msungichuma wawo adali ndi akavalo ngati 400, opambana mipikisano m'dziko lonse, ndi galimoto lokhala ngati nyumba la madola oposa 2 miliyoni. Kodi anthu sadaone? Adaona ndithu. Koma wina ankati ndi phindu la akavalo, wina ankati alipo wolemera amene adamsiyira chuma, ndipo kufunsa munthu amene udaphunzira naye sukulu kuti chuma wachitenga kuti kuchititsa manyazi. Akuluakulu adati mbewa ya manyazi idafera kuuna.

Mwina mudzati: nanga ofufuza mabuku, amene lamulo liwatuma chaka chilichonse, adali kuti? Adalipo, ndipo chaka ndi chaka mabuku a Dixon ankatuluka oyera. Kampani imene inkagwira mabuku a mzinda ndiyonso inkakonzera mayiyo mapepala a msonkho wake wa iye mwini. Makalata abodza aja adalibe ngakhale chizindikiro cha boma la Illinois pamutu pake, ndipo munthu akadangoimba lamya ku ofesi ya boma, kapena akadapita kukaona msewu wotchulidwawo ndi maso, zonse zikadathera pomwepo. Koma kufufuza kwawo kudali kuyerekeza pepala ndi pepala linzake, ndipo mapepala onse awiri adalemba ndi munthu mmodzi.

Chimene chidamgwetsa chidali chaching'ono. Makalata a mzinda ankakatenga yekha ku positi, ndipo akachoka ankatuma mbale wake. Chakumapeto kwa 2011, iye ali pa tchuthi chachitali, mlembi wa mzinda, Kathe Swanson, adafunika kukonza lipoti la ndalama la khonsolo. M'malo motchula maakaunti amodziamodzi, monga ankachitira kale, adapempha banki kuti itumize makalata a maakaunti onse okhala m'dzina la mzinda. Pakati pa makalatawo padali ya akaunti imene iye adali asanaimvepo, yodzaza ndi malipiro a zinthu zosakhudza mzinda. Adaitengera kwa mfumu ya mzinda, James Burke, ndipo Burke adapita nayo kwa apolisi a FBI. Kwa miyezi ngati isanu ndi umodzi awiriwo adakhala chete, napatsana moni ndi mayiyo m'mawa uliwonse, apolisi ali kusonkhanitsa umboni. Adamgwira pa 17 Epulo 2012. Adavomera mlandu, ndipo mu Febuluwale 2013 adamlamula kukhala m'ndende zaka 19 ndi miyezi 7. Mu 2021 adamtulutsa kuti akatsirizire chilango ali panyumba, ndipo mu Disembala 2024 Pulezidenti Joe Biden adamchotsera zaka zotsala, chinthu chimene chidawawa anthu ambiri a ku Dixon.

Apa ndipo maloya adalowa. Mzinda udasumira ofufuza mabuku aja pamodzi ndi banki, kuti adagona pa ntchito yawo, ndipo mu 2013 iwo adavomera kulipira madola 40 miliyoni, ngakhale kuti gawo lalikulu ndithu lidapita kwa maloya oyendetsa mlanduwo. Akavalo, nyumba ndi zina adazigulitsa. Mu 2014 anthu a ku Dixon adavota kuti mzinda wawo uziyendetsedwa ndi kapitawo wolembedwa ntchito, wophunzira za kayendetsedwe ka mizinda, ndipo ntchito za m'ofesi ya chuma adazigawa kwa anthu angapo.

Tsono pali funso lina, lovuta kuposa la kuba. Msungichuma wokhulupirika, wosatenga ngakhale tambala, adzatani makhansala, amene ndiwo mabwana ake, akamlamula kulipira chimene lamulo likana? Kodi iye sali wantchito chabe, woyenera kumvera? Funso limeneli lidafika ku bwalo la milandu ku London mu 1906, kuchokera ku Tenby, kamzinda ka m'mphepete mwa nyanja ku Wales. Khonsolo ya kumeneko idali itakongola kopitirira mphamvu imene lamulo lidaipatsa, ndipo chiwongoladzanja cha ngongoleyo chinkachoka m'thumba la mzinda kudzera m'manja mwa msungichuma, De Winton. Woweruza, Farwell, adagamula kuti msungichuma sali mtumiki wamba wa khonsolo, koma asunga chumacho m'malo mwa anthu onse a m'mzinda, ndipo sangabisale kumbuyo kwa mawu a mabwana ake pochita chosaloledwa. Chigamulo chimenechi ife tichiyesa chachikulu, pakuti chitanthauza kuti munthu uyu alandira malipiro kwa khonsolo kuti tsiku lina adzaikanize.

Nyumba ya malamulo ya ku Britain idamanga pa maziko omwewo. Lamulo la 1972 lidati khonsolo iliyonse ya ku England ndi Wales ikhale ndi kapitawo mmodzi wodziwika, amene udindo wa chuma uli pamutu pake. Lamulo la 1988, pa ndime 114, lidampatsa chida choopsa: akaona kuti khonsolo ifuna kulipira chosaloledwa, kapena kuti zotuluka zidzaposa zonse zimene ingapeze, ayenera kulemba lipoti kwa makhansala onse. Sapempha chilolezo kwa mfumu ya mzinda kapena kwa chipani cholamula. Lipoti lonena za kuchepa kwa ndalama likatuluka, mapangano atsopano owononga ndalama aima, ndipo makhansala ayenera kukumana pasanathe masiku 21 kuti aone chochita.

Pa 5 Sepitembala 2023 lipoti lotere lidatuluka ku Birmingham, mzinda wa anthu oposa miliyoni imodzi, wachiwiri kwa London. Muzu wake udali mlandu wakale. Kwa zaka zambiri amayi ophika, osesa ndi osamala okalamba sankalandira ndalama zapadera zimene amuna otola zinyalala, okumba manda ndi okonza misewu ankalandira, ngakhale kuti ntchito zawo zidali pa mlingo umodzi. Lamulo la dzikolo likana tsankho lotere. Mu 2012 bwalo lalikulu koposa lidalola antchito akale 174, ambiri a iwo amayi, kupitiriza mlandu wawo, ndipo m'zaka zotsatira khonsolo idalipira mapaundi oposa biliyoni imodzi. Mu 2023 idalengeza kuti mwina yatsala ndi ngongole ina yofika mapaundi 760 miliyoni, pamene makina atsopano a kompyuta osungira mabuku a ndalama nawonso adali atasokonezeka nadya ndalama zambiri. Boma lidatumiza akuluakulu ake kudzayang'anira mzinda, ndipo mu 2024 msonkho wa nyumba udakwera pafupifupi 10 pa 100 iliyonse. Mlandu suwola. Malipiro amene adamana mayi wophika zaka zapitazo adadzawalipira, pamodzi ndi chiwongoladzanja, mabanja amene sadamane munthu kanthu.

Nkhani ya ku Birmingham yatifikitsa kwa kapitawo wachiwiri, pakuti dzenje la m'chuma chawo lidayamba ndi kuswa lamulo. Loya wa mzinda anthu amuyesa munthu wa ku khoti, ndipo zoona apitako: asumira okana kulipira msonkho, ayankhira mzinda pamene munthu wagwera m'ngalande yosatseka, kapena wantchito wadandaula kuti adamchotsa mosatsata njira. Koma masiku amene aima pamaso pa woweruza ndi ochepa, ndipo loya wabwino ndiye amene masiku amenewo awachepetsa. Ntchito yake yeniyeni ichitika mlandu usanabadwe. Alemba malamulo a mzinda, onena kumene munthu angagulitse malonda, mamangidwe a nyumba, kutaya zinyalala ndi kuweta ziweto, ndi kuwapima kuti asatsutsane ndi malamulo akulu a dziko. Awerenga pangano lililonse mzinda usanasayine, kuti womanga msewu akathawa ntchito ili pakati padzakhale pomgwira. Asunga zikalata za malo a mzinda, za misika, manda ndi mabwalo a masewera, malo amene nthawi zonse akhala ndi owasirira. Ndipo akumbutsa makhansala kuti khonsolo idabadwa ndi lamulo, ndi kuti mphamvu zake zilekeza pamene lamulo lilekeza. Makhansala onse angakweze manja mogwirizana, koma ngati chinthucho lamulo silidawapatse, bwalo la milandu lidzachifafaniza, ndipo mtengo wa mlanduwo adzalipira ndi anthu.

Kodi loya ameneyu aimira yani? Ambiri ayesa kuti ndi loya wa mfumu ya mzinda, ndipo mafumu ena ayesa chomwecho. Iyayi. Amene iye amuimira ndi mzinda, umene udalipo mfumuyo isanasankhidwe ndipo udzakhalapo itachoka. Mfumu ikafuna kupatsa mlamu wake ntchito yomanga msika popanda kuitana ena kuti apikisane, loya sangaithandize kupeza mpata wodzera. Ayenera kuiuza kuti mpata palibe. Ku England lamulo la 1989 lidaika kapitawo wapadera woyang'anira kuti khonsolo isaswe lamulo, ndipo kawirikawiri akhala loya wamkulu wa khonsoloyo. Akaona chosankha chosemphana ndi lamulo, nayenso alemba lipoti kwa makhansala, ndipo chosankhacho chiima kufikira atalikambirana. Lamulo lomwelo likana kuti msungichuma akhalenso pa udindo umenewu. Kiyi wa chuma ndi kiyi wa lamulo asakhale m'thumba limodzi. Wakutsina khutu ndiye mnansi, koma si onse otsinidwa amene athokoza, ndipo ndi chifukwa chake malamulo a kumeneko adaikanso njira yapadera yoyenera kutsata khonsolo isanachotse ntchito mmodzi wa akapitawo amenewa.

Ntchito imeneyi si ya lero. Owerenga buku la Ntchito za Atumwi akumbukira chipolowe cha ku Efeso, pamene osula siliva, poopa kuti malonda awo a timafano adzafa chifukwa cha maphunzitso a Paulo, adadzaza bwalo la masewera, khamu nilifuula ngati maola awiri, ambiri osadziwa n'komwe chimene adasonkhanira. Amene adalitontholetsa sadali msilikali, koma mlembi wa mzinda. Iye sadali Mkhristu. Adawakumbutsa kuti mabwalo a milandu alipo ndi oweruza alipo, wokhala ndi chifukwa akasume. Kuti nkhani zina zili ndi msonkhano wake wololedwa. Ndi kuti mzinda wonse ukhoza kuimbidwa mlandu wa chipolowe pamaso pa Aroma. Atatero adawabalalitsa. Loya wa mzinda wa masiku ano, pouza makhansala okwiya kuti sangagwetse nyumba ya munthu asanampatse chidziwitso ndi mpata woyankha, achita ntchito yomweyo.

Za kusankha anthu amenewa maiko asiyana nzeru. Ku Los Angeles ndi ku San Francisco loya wa mzinda asankhidwa ndi anthu pa chisankho. Ku New York woyang'anira mabuku a chuma ndiye asankhidwa ndi anthu, pamene loya wamkulu amtchula ndi mfumu ya mzinda. Wosankhidwa ndi anthu saopa mfumu, koma asanduka wandale, ndipo diso lake lina likhala pa chisankho chikudzacho. Wolembedwa ntchito akhoza kukhala katswiri weniweni, koma nsima yake ili m'manja mwa amene ayenera kuwakaniza. Ife sitiona kuti njira ina iposa inzake kwambiri. Ku Dixon sikudalephere kasankhidwe, kudalephera kuwerenga.

Kwathu kuno mizinda ya Blantyre, Lilongwe, Mzuzu ndi Zomba iyendera lamulo la maboma ang'ono la 1998, ndipo mapangidwe ake afanana ndi a ku England, kumene tidatengera mwambo wa makhonsolo. Anthu asankha makhansala. Ntchito ya tsiku ndi tsiku ili m'manja mwa mkulu wa khonsolo ndi akuluakulu a nthambi, mmodzi wa iwo ndiye wa za chuma. Ndipo mabuku afufuzidwa ndi mkulu wofufuza chuma cha boma. Koma tisaiwale kuti makhansala osankhidwa mu 2000 atatsiriza nthawi yawo mu 2005, chisankho china sichidachitike kufikira 2014. Zaka zisanu ndi zinayi ndalama zinkalowa ndi kutuluka popanda munthu wotumidwa ndi anthu a m'dera kuti akawerenge ndondomeko ya chuma mzere ndi mzere. Sitinena kuti akapitawo a nthawi imeneyo adali osakhulupirika. Tinena kuti ngakhale wokhulupirika sayenera kusiyidwa yekha ndi nkhokwe, ndipo iye mwini, ngati ali wanzeru, safuna kusiyidwa.

Inu abambo ndi amayi, gawo lanu m'zimenezi lilipo, ndipo liyamba ndi lisiti. Tikiti ya pamsika ili ndi nambala, ndipo nambalayo ndiyo imuuza msungichuma kuti wotolera wakuti adatenga matikiti akuti, abweze ndalama zakuti. Wotolera akati mumpatse theka popanda tikiti, inu muyesa mwapulumutsa kanthu, koma ndalamayo siidzafika m'buku, ndipo chimbudzi cha pamsika pomwepo chidzakhala chosakonza. Ndiponso kuyambira 2020 lamulo lopatsa nzika ufulu wopempha kuona nkhani za m'maofesi a boma lili kugwira ntchito, ndipo makhonsolo ali pansi pake. Mukhoza kufunsa khansala wanu kuti msika wanu utolera zingati pa mwezi, ndi kuti mabuku a khonsolo adafufuzidwa liti komaliza. Khansala wodziwa ntchito yake adzayankha, kapena adzapita kukafunsa. Ndipo kupita kwakeko kudzadziwitsa a m'ofesi kuti alipo amene awerenga.

Ndipo inu amene ana anu aphunzira zowerengera ndalama kapena za malamulo, nimulakalaka kuti adzakhale ku banki kapena ku kampani yaikulu, musadzaone ngati atsika akadzalembedwa ku khonsolo. Malipiro ake ndi ochepa, ndipo ayenera kudziwiratu kuti lidzafika tsiku limene munthu wamkulu adzaika pepala patsogolo pawo, nadzawapatsa cholembera, nati nthawi yatha, angosayina.

Za wofufuza mabuku, amene tamtchula mongodutsa, ndi za kusiyana kwa wofufuza wa m'kati mwa khonsolo ndi wochokera kunja, tidzakamba mwezi wa mawa.